Mkaka sutsuka fumbi la m'mapapo: yankho kwa mmisiri womanga wa ku Kasungu

Funso: Ndine mmisiri womanga nyumba kuno ku Kasungu ndipo ndagwira ntchitoyi kwa zaka zoposa 15. Panopa ndimatsogolera anyamata asanu ndi mmodzi, ndipo timamanga nyumba ndi mashopu pa boma, ku Nkhamenya ndi ku Chamama. Manja anga ali ndi ming'alu yosapola, msana umandipweteka, ndipo ndakhala ndikutsokomola kwa mwezi wathunthu, makamaka usiku. Anzanga amandiuza kuti ndizimwa mkaka madzulo kuti uzitsuka fumbi pachifuwa. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga ine ndi anyamatawa tingadziteteze bwanji, poti ndalama zogulira zovala zodzitetezera zimavuta?

Yankho: Bambo, ndiyamba ndi chifuwacho chifukwa pa zonse zimene mwatchula ndi chokhacho chimene sichiyenera kudikira kuti mumalize kaye nyumba imene mukumanga. Munthu amene watsokomola kwa milungu iwiri ayenera kuyezedwa makhololo kuti aone ngati ali ndi chifuwa chachikulu cha TB, ndipo inu mwafika kale mwezi. Pitani ku chipatala chachikulu cha pa boma kapena ku chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi. Kuyeza TB ndiponso mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo matendawa amachira ngati munthu wamwa mankhwala mosadukiza kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mukakalowa m'chipinda cha dokotala musakangonena kuti mukutsokomola. Mukafotokoze ntchito imene mumagwira ndi zaka zimene mwaigwira, mukanene ngati mumadula njerwa, matailosi kapena konkire ndi makina odulira a grinder, ndiponso ngati mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda, mukupuma movutikira pokwera chitunda kapena mwaonapo magazi m'makhololo. Mbiri ya ntchito ndi imene imachititsa dokotala kuganiza zokujambulani X-ray ya pachifuwa, chifukwa pali matenda a fumbi amene saoneka m'makhololo.

Za mkaka, anzanuwo akukufunirani zabwino koma akukulangizani zolakwika. Pammero pali njira ziwiri. Chakudya ndi chakumwa zimatsikira m'mimba, pomwe mpweya ndi fumbi zimalowera m'mapapo, ndipo mkaka umene mwamwa sungadutse m'mapapo ngakhale dontho limodzi. Mkaka ndi chakudya chabwino kwa munthu wogwira ntchito yolemetsa, choncho ngati mumaukonda pitirizani kumwa. Chimene ndimadana nacho pa chikhulupiriro chimenechi n'chakuti chimapatsa munthu mtima woti angathe kupuma fumbi tsiku lonse poganiza kuti madzulo akalichotsa, komanso chimapatsa mabwana ena njira yotsika mtengo yozembera udindo: kugawa paketi ya mkaka m'malo mochepetsa fumbi.

Fumbi limene mumaliona m'mphuno ndi m'makhololo mukaweruka si limene limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa lokulirapo lotere thupi limalikola m'mphuno ndi pammero n'kulitulutsa. Loopsa ndi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limakhalabe likuyandama m'chipinda kwa maola grinder itazimitsidwa kale. M'mchenga, m'miyala ya kwale, mu konkire, m'njerwa ndi m'matailosi muli mwala wolimba wotchedwa silika. Zinthuzi zikamadulidwa, kubooledwa kapena kuphwanyidwa zili zouma, silikayo amasanduka tizidutswa tating'onoting'ono timene timalowa mpaka kumapeto kwenikweni kwa mapapo, kumene mpweya umakumana ndi magazi. Asilikali a m'thupi amayesa kumeza tizidutswati koma sangathe kutisungunula, ndiye amafa, ena n'kubwera kudzayesanso, ndipo pamalopo pamapangika chipsera. Zipserazo zikachuluka mapapo amauma, saphanuka bwino munthu akamakoka mpweya, ndipo ndiwo matenda amene achipatala amawatcha silicosis. Kawirikawiri amaonekera patadutsa zaka 10 kapena kuposerapo, koma pomwe fumbi ndi lochuluka kwambiri angathe kuonekera pasanathe zaka zimenezo. Alibe mankhwala ochiza, ndipo angathe kupitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchito.

A Malawi matenda amenewa si achilendo kwa ife, ngakhale kuti ambiri sanawadziwe dzina. Azibambo amene anapita ku migodi ya golide ku South Africa kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito za ku migodi a Wenela ndi Theba ambiri anabwerako ndi wailesi, njinga ndi masuti, koma patapita zaka anayamba kubanika ndi kutsokomola kosatha. Mwala wa m'migodi ija uli ndi silika wochuluka. Mu 2018 makampani a migodi ya golide anavomera kupereka ndalama zokwana marandi 5 biliyoni zoti zikhale chipukuta misozi kwa anthu amene anadwala silicosis ndi TB chifukwa cha ntchitoyo, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizigawa ndalamazo. Mnyamata amene akudula matailosi ndi grinder m'bafa yotseka ku Chankhanga, ku Kasungu komweko, akupuma silika yemweyo. Silika amafooketsanso chitetezo cha m'mapapo, motero munthu amene ali ndi silicosis amagwidwa TB mosavuta, pafupifupi katatu kuyerekeza ndi munthu wa mapapo abwino, ndipo ngati ali ndi kachilombo ka HIV chiopsezocho chimakwereranso. Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika silika wotere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'mapapo mu 1997. Wosuta fodya amaonjezera moto pa zonsezi, ndipo kuno kwathu kumene chingambwe chimapezeka pakhomo ndi bwino kuti anyamata anu amve zimenezi kuchokera kwa inu.

Mwafunsa za ndalama, ndiye ndikuuzeni kuti njira zamphamvu kwambiri zochepetsera fumbi si zogula m'shopu. Matailosi ambiri angathe kudulidwa ndi chida chamanja chija chokanda mzere n'kuthyola, chimene sichitulutsa fumbi, ndipo njerwa zambiri zingathe kudulidwa ndi tchizulo. Pomwe grinder siingapeweke, ntchitoyo ichitikire panja, mphepo ikuwomba kuchokera kumsana kwa wodulayo, ndipo ena onse atalikire. Makina odulira amene anapangidwa kuti azigwira ntchito ndi madzi amachepetsa fumbi kwambiri, koma musathire madzi pa grinder wamba ya magetsi, chifukwa pothawa fumbi munthu angagwidwe ndi magetsi. Posesa m'nyumba imene yangomalizidwa pulasitala, wazani madzi kaye kenako muwole ndi fosholo. Kusesa pouma m'chipinda chotseka ndi ntchito imene kawirikawiri imapatsidwa kwa mnyamata wamng'ono pagulu, ndipo ndi imodzi mwa ntchito zafumbi kwambiri pa malo onse omanga. Thumba la simenti lizikhuthulidwa pafupi ndi pansi, osati kulikweza m'mwamba n'kumalikutumula. Amayi amene amakuphwanyirani miyala ya kwale ndi hamala akumbutseni kuti azinyowetsa miyalayo ndiponso kuti mwana wa kumsana asamakhale pomwepo.

Chophimba mphuno ndi pakamwa chimabwera pambuyo pa zonsezi. Mpango, sikafu kapena masiki ansalu amene tinazolowera nthawi ya Covid-19 amatchinga fumbi lokulirapo lokha, ndipo losalala lija limadutsa m'nsalu ndi m'mbali mwa mphuno. Amene amathandiza ndi olembedwa N95 kapena FFP2, okhala ndi zingwe zolimba ndi kachitsulo kopinda pamphuno, ndipo amagwira ntchito pokhapokha atagwira nkhope bwinobwino. Wandevu zambiri samuteteza mokwanira chifukwa mpweya umalowera m'ndevumo. Ngati simungathe kugulira aliyense, gulirani wodula ndi wosakaniza simenti. Ndionjezere apa za nyumba zakale, monga za m'masukulu, m'mishoni ndi m'maesiteti, zimene zina zinafoleredwa ndi malata a asibesitosi. Mukapatsidwa ntchito yosasula denga lotere musadule, kuboola kapena kuphwanya malatawo. Anyowetseni, amasuleni athunthu, ndipo zidutswa zake musapereke kwa anthu kuti akatsekere khola kapena kuwotcherapo chimanga. Ulusi wa asibesitosi umayambitsa khansa ya kachikopa kokuta mapapo imene imaonekera patadutsa zaka 20 mpaka 40.

Tibwere ku manja anu. Simenti youma siwotcha kwenikweni, koma ikakumana ndi madzi, ngakhale thukuta lokha, imasanduka yaukali ngati soda wopangira sopo. Pa muyeso wa pH, umene nambala yake imakwera chinthu chikakhala chaukali ngati soda, madzi akumwa ali pa 7, khungu la munthu lili cha pa 5, pomwe simenti yonyowa imafika pa 12 kapena 13. Imasungunula mafuta achilengedwe a pakhungu, khungulo limauma, kenako limang'ambika m'mapindiro a zala ndi m'mbali mwa zikhadabo. Kuwotcha kwake n'kwachinyengo chifukwa sikupweteka nthawi yomweyo. Taganizirani mnyamata amene akuponda konkire pothira silabu, kamatope kena n'kulowa mu gambuti kudzera pamwamba kapena pamene pang'ambika. Samva kanthu, amagwira ntchito mpaka madzulo, gambutiyo ikukhuza simentiyo pakhungu lonyowa ndi thukuta. Akavula usiku amapeza kakolo atafiira, m'mawa pali matuza, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu pali chilonda chakuya chakuda chimene nthawi zina chimafuna kuikidwa khungu lina ku chipatala chachikulu. Zomwezo zimachitika m'mawondo mwa amene amagwada pa simenti yaiwisi posalaza pansi.

Palinso vuto lachiwiri, ndipo ndi limene ndikulikayikira pa inu poti mwati ming'aluyo siipola. Mu simenti muli kachitsulo kochepa kotchedwa chromium, kamene kamalowa kudzera m'ming'alu, ndipo pakapita zaka thupi la anthu ena limayamba kudana nako. Zikafika pamenepo, ngakhale kukhudza simenti pang'ono kumabweretsa zidzolo zoyabwa, nthawi zina mpaka m'mikono ndi kumaso, ndipo kudana kumeneku sikutha. Kaonetseni manjawo ku chipatala tsiku lomwelo mukukayezetsa chifuwa, chifukwa pali mankhwala opaka ochepetsa kutupa ndi kuyabwa, komanso ming'alu ina imakhala italowa kale tizilombo.

Pa ntchito pakhale ndowa ya madzi oyera ndi sopo yosiyana ndi mgolo wa madzi osakanizira simenti. Amisiri ambiri amasamba m'manja mu mgolo womwewo umene amatsukiramo zipangizo, osadziwa kuti madziwo asanduka kale aukali. Musachotse penti kapena simenti m'manja ndi thina, palafini kapena petulo. Magolovesi oyenera ndi alabala okhuthala, ofika pamkono, ndipo avalidwe m'manja moyera ndi mouma. Ansalu ndi achikopa amamwa madzi a simenti n'kuwasunga pakhungu tsiku lonse, motero angathe kuvulaza kuposa kugwira ndi manja okha. Mwendo wa thalauza uziphimba gambuti kunja kuti matope asalowere pamwamba. Usiku, mutasamba bwino, pakani mafuta a Vaseline m'manja, koma musapake mafuta pakhungu pamene pakadali simenti chifukwa mafutawo amaitsekera pomwepo. Simenti kapena laimu ikalowa m'diso, tsegulani disolo n'kulithira madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 20, kenako munthuyo apite ku chipatala ngakhale akunena kuti wapeza bwino. Mphindi 20 n'zambiri kuposa mmene anthu amaganizira, choncho wina aziyang'ana nthawi pa foni.

Msana wa mmisiri sumavulala tsiku limodzi. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50, ndipo kulinyamula kuchokera pansi mutawerama, kenako n'kupotoloka nalo, kumafinya timinofu tokhala pakati pa mafupa a msana. Anyamata amakonda kupikisana pa kunyamula, koma inu monga kapitawo mungathe kulamula kuti thumba lizinyamulidwa ndi anthu awiri kapena pa wilibala, kuti galimoto izitsitsa katundu pafupi ndi pomwe akagwire ntchito, ndiponso kuti njerwa ndi matope a womanga ziziikidwa pa thabwa lofika m'chiuno kuti asamawerame pa njerwa iliyonse. Ululu ukayamba kutsikira m'mwendo, phazi likamachita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukamavuta kuugwira, musazengereze kupita ku chipatala.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa nkhani ya msana ndi mapiritsi. Kuno ntchito yomanga imachuluka anthu akagulitsa fodya ndi soya, ndiye imafika pachimake m'miyezi youma mpaka mu Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa limakhala likuswa mtengo. Munthu amene watuluka thukuta tsiku lonse osamwa madzi okwanira, madzulo n'kumwa bulufeni, indosidi kapena diclofenac wogula pa golosale, mwina n'kutsirapo kachasu, akuzunza impso zake komanso akudziputira zilonda za m'mimba. Kukatentha, aliyense azimwa kapu ya madzi pakatha mphindi 15 kapena 20 osadikira ludzu, ndipo mkodzo wochepa wachikasu chakuda ndi chizindikiro chakuti madzi achepa m'thupi. Thobwa ndi labwino, koma silingalowe m'malo mwa madzi. Ntchito zolemetsa monga kuthira silabu ziyambike m'mamawa. Mnyamata akayamba chizungulire, kusanza kapena kuyankhula zosokonekera pa dzuwa, mugonekeni pamthunzi, mum'masule zovala, mum'thire madzi thupi lonse ndipo muthamange naye ku chipatala.

Ngozi zadzidzidzi mumazidziwa kuposa ine, choncho ndingotchula pomwe anthu amalakwitsa. Nsanja ya mapolo a bulugamu iziyenderedwa ndi inu m'mawa uliwonse, chifukwa mapolo ogwiritsidwa ntchito kangapo amang'aluka pamene panalowa misomali, ndipo ikhale ndi mtengo wotchinga kumbuyo kwa womanga. Kugwa kuchokera pa mamita awiri okha kungathe kupha kapena kupuwalitsa munthu. Wina akagwa n'kumadandaula khosi kapena msana, musamudzutse, musamukhazike pa kabaza. Mugonekeni chagada pa chitseko kapena thabwa lalikulu, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke, ndipo mupeze galimoto. Amene wamenyetsa mutu, ngakhale atadzuka n'kumaseka, apite ku chipatala akayamba kusanza, kuodzera kapena kumva mutu ukukulirakulira. Dzenje la sepitiki thanki kapena chimbudzi likapitirira mita imodzi ndi theka, makamaka m'dothi lamchenga kapena mvula itagwa, zipupa zake zitchingidwe ndi matabwa, ndipo dothi lofukulidwa liunjikidwe kutali ndi m'mphepete, popeza dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa tani imodzi. Musaike jenereta kapena pampu ya petulo m'chitsime ngakhale m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo. Munthu akakomoka m'dzenje, wachiwiri asalumphiremo. Ngozi zotere kawirikawiri zimatenga anthu awiri kapena atatu motsatizana. Ponyamula malata ndi zitsulo zazitali pafupi ndi mawaya a ESCOM, kumbukirani kuti magetsi amphamvu amalumpha asanakhudzidwe n'komwe.

Msomali ukabaya phazi, tsukani balalo ndi madzi ndi sopo ndipo munthuyo akabayitse katemera wa kafumbata tsiku lomwelo. Amayi ambiri amalandira katemerayu ku sikelo akakhala oyembekezera, koma azibambo ambiri anamulandira komaliza ali makanda, motero gulu ngati lanuli ndi limene lili pachiopsezo. Misomali ya m'matabwa ochotsedwa pa bimu izulidwe kapena kupindidwa nthawi yomweyo. Za makutu nazo musazinyoze: ngati mukufunika kukuwa kuti mnzanu amene waima pafupi nanu akumveni, phokosolo lafika kapena lapitirira madesibo 85 pa muyeso wa phokoso, amene ndi malire a maola asanu ndi atatu, ndipo grinder imaposa pamenepo. Makutu akagontha ndi phokoso sabwereranso, pomwe zotsekera m'makutu n'zotsika mtengo.

Lamulo lili kumbali ya wogwira ntchito. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo kwa wolemba ntchito woonetsetsa kuti malo ogwirira ntchito ndi otetezeka, ndiponso kuti zovala zodzitetezera ziperekedwe popanda kudula malipiro a wantchito. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limanena za chipukuta misozi kwa amene wavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito, ndipo nkhani zotere zimayambira ku ofesi ya zantchito ya pa boma. Apa inu muli mbali ziwiri. Mukagwira ntchito pansi pa kontirakitala, iye ndiye ayenera kukupatsani zodzitetezera, koma mukatenga nyumba nokha n'kulemba anyamata, udindowo umagwera inu. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti mtengo wa magolovesi, magambuti, magalasi a maso ndi masiki muziuphatikiza pa mtengo wa ntchito pokambirana ndi mwini nyumba, monga mmene mumawerengera misomali ndi waya. Khalaninso ndi kope lolembamo mayina a anyamata anu, masiku amene agwira ntchito ndi ngozi iliyonse imene yachitika, ndipo wovulala aliyense aonetsetse kuti achipatala alemba m'buku lake la kuchipatala kuti wavulalira pa ntchito, chifukwa a ofesi ya zantchito adzafuna umboni wotere.

Ngati zotsatira za makhololo zitasonyeza TB, anyamata amene mumagona nawo chipinda chimodzi mukakhala pa ntchito yakutali ayenera kukayezedwa nawonso, pamodzi ndi a pabanja panu, makamaka ana osakwana zaka zisanu. Ngati zitasonyeza kuti mulibe koma chifuwacho n'kupitirira, bwererani ku chipatala mukapemphe X-ray, ndipo pamene mukudikira zotsatira ntchito ya grinder ndi yosesa musaigwire.